Liwiro la Mumchenga



Ife a kuno ku Khonjeni palibe amene angatiphunzitse kuyenda pansi. Tambala woyamba akangolira, njira za m'minda ya tiyi zimakhala zitadzaza kale ndi anthu, ena mitanga ili kumsana, ena makasu ali paphewa, mame akuwanyowetsa mpaka m'maondo. Timayenda popita kuchigayo, timayenda popita kumsika, timatsata njanji popita kumaliro a kutali, ndipo ana athu ena amafika pasukulu ataoloka mitsinje iwiri. Koma maulendo onsewa mwini wake ndi ntchito. Munthu akadzuka m'mawa nayamba kuyenda wopanda katundu, wopanda uthenga, wopanda womuitana, timamuyang'ana kawiri, ndipo amayi pachitsime amayamba kunong'onezana kuti kapena mutu wayamba kusokonekera.

Inenso ndinali wa maganizo omwewo kufikira tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chapitachi, pamene akulu anzanga a mpingo anandisankha kuti ndiperekeze achinyamata athu ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kukaona malo amene amishoni oyamba a mpingo wathu anamangapo misasa yawo. Achinyamatawo anali 14, ndipo ndalama za ulendowu anasonkha chaka chathunthu pogwira maganyu ndi pogulitsa mapeyala ndi zinanazi. Tinatsagana ndi amayi awiri a Mvano. Mwa achinyamata onsewo, awiri okha ndiwo anali ataionapo nyanja ndi maso. Ichi chinandichititsa manyazi, pakuti chaka ndi chaka ndimaijambula nyanjayi pabolodi ndi choko, ndi kuwauza ana kuti kutalika kwake ndi makilomita oposa 560 ndi kuti pena kuya kwake kumafika mamita 700, iwo nalemba m'makope mwawo chinthu chimene sanachionepo.

Mmodzi wa achinyamatawo anali mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 16 amene ndakhala ndikumusunga pakhomo panga chimwalirireni bambo wake. Iye ndiye wandichititsa kulemba nkhani ya mwezi uno, ndipo ndailemba atandilola. Mnyamatayu analemba mayeso a Sitandade 8 kawiri, ndipo kawiri konseko dzina lake silinatuluke. Atalephera kachiwiri anakana kubwerera kusukulu. Ine malume wake, mphunzitsi wa pasukulu pomwepo, ndinapsa mtima ndi manyazi. Ndinamukalipira masiku angapo, kenaka ndinangoti chete, ndipo chete ameneyo anakhala nafe pakhomo chaka chathunthu. Tinkadya nsima m'mbale imodzi, koma mau a pakati pathu anali akuti "katunge madzi" ndi "katsekere mbuzi" basi. Ulendowu anapita nawo chifukwa mayi a kunyumba anamulipirira ndi ndalama zawo za zitumbuwa, ine osadziwa.

Tinanyamuka kusanache, kudzera ku Luchenza, Limbe, Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Za m'galimoto sindinena zambiri, pakuti munthu wopanikizika pampando saona dziko, amangoona mitengo ikuthawa. Tisanafike ku Monkey Bay tinakhotera kumanzere mumseu wokhotakhota wa pakati pa mapiri, ndipo tinaima pang'ono pa Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu cha mizere yonga mphini zimene agogo athu akale ankatema pankhope. Tinalowa m'mudzi wa Chembe dzuwa litapendeka, ndipo Akhristu anzathu a kumeneko anatipatsa pogona.

M'mawa mwake tinayamba ulendo wa pansi. Mudzi wa Chembe ndi wautali, wotambalala motsata gombe, choncho tinapangana kuyambira kumathero kwake kwa kum'mawa, moyang'anana ndi chilumba cha Domwe, ndi kutsata madzi kufikira kumiyala ya kumadzulo kumene amati Otter Point, ndiko kuti malo a akatumbu. Asodzi anali akungofika kumene kuchokera kumene anachezera usiku wonse ndi nyali zawo. Mabwato anali ndandanda pamchenga, usipa uli mbuu pa thandala, amayi akutsuka mapoto m'mphepete mwa madzi, amuna akusoka makoka pamthunzi, ndi tiana tikudumphira m'madzi mopanda mantha ngati achule. Patsogolo pathu chilumba cha Thumbi chinali chitakhala phee, chodzala ndi mitengo. Achinyamata athu, amene m'galimoto anaimba njira yonse, apa anasowa chonena. Mtsikana wina anandifunsa monong'ona kuti, "Aphunzitsi, kodi tsidya lake lili kuti?" Mnyamata wina anatapa madzi m'manja nalawa, poyesa kuti amva mchere.

Koma amene sanayendepo pamchenga sadziwa kuvuta kwake. Ife a kumapiri timanyadira miyendo yathu, koma mchenga sulemekeza munthu. Ukaponda phazi limatitimira, ukati ukankhe limabwerera m'mbuyo, ndipo mtunda umene kwathu ukadautha osapuma, kumeneko umakutulutsa thukuta. Akulu akale amene anati liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi ankanena chimene anachiona, pakuti wotsalira pamchenga sapezanso anzake. Ine mwambiwu ndauphunzitsa kangapo m'kalasi, koma tsikulo ndinauiwala. Ndinali ndi wotchi padzanja ndi pepala la dongosolo m'thumba, ndipo ndinatsogola ngati kapitawo, ndikucheuka pofuna kukuwa kuti "Fulumirani!" basi. Nkhalamba ina imene inkasoka khoka inandiyang'ana niseka. Inati, "Bambo, mukuthamangira chiyani? Nyanjayi sithawa. Pondani ponyowapo, pamene pakuthera mafunde, ndiye polimba." Langizo la ponyowa ndinalimva ndipo linatithandiza. Linalo ndinalisiya pomwepo.

Kumathero kwa mudzi tinalipira pachipata ndi kulowa m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene boma linakhazikitsa m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawawerengera pamodzi ndi malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984. Chapafupi pomwepo, m'tsinde mwa phiri, pakati pa miyala ndi mitengo, pali manda a amishoni. Tinavula zipewa, ndipo ndinawafotokozera ana mbiri yake.

Dzina la Cape Maclear anatcha ndi David Livingstone, pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Livingstone atamwalira m'chaka cha 1873, Akhristu a ku Scotland anatumiza gulu la anthu motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo m'gulumo munali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Anabwera ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasula, ndipo makolo athu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu, kuyenda pansi masiku angapo m'miyala ndi m'dzuwa, kufikira kumtunda kwa mathithiwo kumene anailumikizanso. Sitimayo inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. M'gulu lomwelo munalinso Henry Henderson, amene anatumidwa kudzafuna malo ena, ndipo malo amene anawapeza ndiwo Blantyre, kumene mishoni inayamba m'chaka cha 1876. Motero nafenso a Sinodi ya Blantyre mchombo wathu unadzera pagombe limeneli.

Malowa anawakonda chifukwa cha dooko lake lotchingika bwino, koma malungo anawatha. Dokotala William Black, amene anafika m'chaka cha 1876, anamwalira m'chaka cha 1877. Chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, Mxhosa wochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera pamodzi ndi William Koyi, ndipo ntchito yake inali yonga yangayi, yophunzitsa ana. Pofika m'chaka cha 1881 panali manda asanu, koma wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene anabatizidwa m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 inakwera ku Khondowe. Ndinamaliza ndi kunena kuti munthu amene akadawerengera ntchitoyi m'chaka cha 1881 akadati yalephera. Nditatero ndinayang'ana wotchi, ndi kulamula kuti tipitirire.

Kuchokera pamandapo njira imasiya mchenga nilowa m'miyala ikuluikulu yosalala. Apa munthu amayenda ndi manja omwe, pena kukwera, pena kutsetsereka, anyani akumuyang'ana ali pamwamba. Titafika pa Otter Point tinaiwala kutopa. Madzi ake ndi oyera kotero kuti munthu amaona mwala uli pansi penipeni, ndipo pakati pa miyalapo pamasambira tinsomba totchedwa mbuna, tina tobiriwira ngati thambo, tina tachikasu, tina tamizeremizere. Mitundu yambiri ya tinsombati sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nyanja yathu yokha. Ana amene amadziwa nsomba youma ya pamsika yokha anagona chafufumimba pamwala, kuyang'ana m'madzi osaphethira.

Mwera unali utayamba kuomba. Ife pamene tinakhalapo panali potchingika ndi mapiri, koma kutali pakati pa nyanja tinkaona mafunde akuchita thovu. Ndinaona kuti imeneyi ndiyo nthawi yabwino yotsegula Machitidwe a Atumwi mutu 27, pakuti nkhani ya namondwe imamveka mwina ukamaiwerenga maso ali pamadzi. Mukukumbukira kuti ngalawa imene inatenga Paulo kupita ku Roma inakocheza kumwera kwa chilumba cha Crete, chimene m'Baibulo mwathu chimalembedwa kuti Krete. Paulo anawalangiza kuti asapitirire, koma ambiri anafuna kukafika padooko lina la pachilumba chomwecho kuti akakhale kumeneko nyengo yachisanu. Padookolo sanafikepo. Mphepo inawakankhira pakati pa nyanja masiku 14, kufikira ngalawa inasweka pachilumba cha Malta, ndipo anthu onse 276 anapulumuka.

Ndinawauza anawo kuti Crete si dziko la m'nthano ai. Ndi chilumba chachikulu koposa zonse za dziko la Greece, chotalika makilomita pafupifupi 260, ndipo kugombe lake la kumwera kuli njira ya miyendo yonga imene tinali kuyendayo. Imachokera pamudzi wa Agia Roumeli kukafika pamudzi wa Loutro, mapiri ali mbali ina, nyanja ili mbali ina. Panjirapo, pafupi ndi madzi, pali katchalitchi kakale ka miyala kotchedwa dzina la Paulo. Ku Loutro sikufika mseu wa galimoto, munthu amafikako pa ngalawa kapena pansi, ndipo ophunzira Baibulo ambiri amati dooko limene anzake a Paulo ankalifuna lija linali cha pomwepo. Anthu amachoka m'maiko akutali, kulipira ndalama zambiri, kuti akangoyenda njira imeneyo tsiku limodzi. Ife yathu tili nayo pakhomo, ya manda a anthu amene anatibweretsera Uthenga, koma ambiri timakalamba osaipondapo.

Pakamwa pa mphunzitsi pakatseguka sipatsekeka msanga. Ndinapitiriza kunena kuti pachilumba chomwecho Paulo anasiyapo Tito kuti aike akulu a mpingo m'mizinda yonse, ndi kuti dongosolo lathu la Chipresibeteriyani, lolamulidwa ndi akulu, limatsamira pa mau ngati amenewo. Ndinatinso Paulo potchula zoyenera mkulu wa mpingo anayambira kunyumba kwa munthuyo, pa mkazi wake ndi ana ake. Ndili pakati pofotokoza zimenezi, mmodzi wa amayi a Mvano aja anasendera pafupi, nagwada, nati chapansipansi, "Pepani aphunzitsi, kodi ana anuwa mwawawerenga?"

Ndinawerenga. Analipo 13. Wosowayo anali wa m'nyumba mwanga.

Ndinabwerera ndekha m'miyala muja, mtima uli m'mwamba, pakuti munthu wosadziwa kusambira akaterereka pamenepo nkhani yake imakhala ina. Mantha atachepa panabwera ukali, ndipo ndinakonzeratu mau oti ndikamulalatire. Ndinamupeza pamanda paja. Anali atagwada, nkhope yake ili pafupi kwambiri ndi mwala wa pamanda, akutsata malembo ndi chala. Ndisanatsegule pakamwa iye anati, "Amalume, mwati zaka zonsezo anapindula munthu mmodzi yekha. Kodi kwawo sanawaseke?"

Funso limeneli linandilanda mau onse amene ndinakonza. Chinali chiganizo chachitali choposa zonse zimene anandiyankhulapo m'chaka chimenecho, ndipo ndinadziwa kuti sakufunsa za amishoni okha. Ndinakhala pansi pambali pake. Ndinamuuza kuti oseka sasowa, koma kuti Albert Namalambe yemweyo ndiye anatsala akuyang'anira ntchito pamalopo amishoni atasamuka, ndi kuti mpingo wa CCAP, umene unapangidwa m'chaka cha 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, Nkhoma nalowamo mu 1926, lero uli ndi Akhristu osawerengeka. Sanayankhe. Tinanyamuka kutsata anzathu, koma tsopano ndinamusiya kuti atsogole, ine pambuyo, ndipo wotchi ndinaiika m'thumba.

Tili m'njira, nkhwazi inalira. Ndinaiona ili pamwamba pa mtengo wouma, mutu ndi chifuwa zili mbee, ndipo ndinaloza ndi chala kuti nayenso aone. Mnyamatayo anafinya maso, nayang'ana uku ndi uku, kenaka anati, "Kulira ndikukumva, amalume, koma mbalameyo sindikuiona." Ndinamufunsa za chilumba cha Thumbi, nati akuona chinthu chakuda chonga utsi. Ndinamufunsa za bwato limene linali kudutsa chapafupi, nati saona kuti muli anthu angati. Pamenepo miyendo yanga inalefuka. Ndinamufunsa kuti, "Nanga bolodi la kusukulu?" Iye anati, "Limaoneka ngati phiri tsiku la chiperoni."

Anandiuza kuti zinayamba ali Sitandade 5. Popeza ndi wamtali, ankakhala kumbuyo kwa kalasi monga timawakhazikira anyamata akuluakulu. Mabuku ndi ochepa, maphunziro ambiri amakhala pabolodi, choncho iye ankangokopera kwa mnzake wa pambali, mnzakeyo akalakwa nayenso nkulakwa. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anati, "Poyamba ndinkayesa kuti anthu onse amaona choncho. Pamene ndinazindikira, ndinaopa kuti mudzati ndikufuna pothawira."

Abale anga, ndaphunzitsa zaka zoposa 30, ndipo ndakhala ndikulangiza makolo ambiri za ana awo. Koma mwana wodya m'mbale mwanga anakhala zaka zonsezi mu chifunga ine osadziwa. Ndinamutcha waulesi, ndinamutcha wamwano, ndipo ndinamuweruza monga munthu uja akadaweruzira ntchito ya pa Cape Maclear m'chaka cha 1881. Pamwala pomwepo ndinachita chimene malume sachita kawirikawiri. Ndinati, "Pepa mwanawe, ndinakulakwira." Anayang'ana pansi, ndipo tinayenda osayankhulanso, koma chete wake sanali uja wa kunyumba.

Titabwerera kumudzi ndinapita naye kuchipatala, anamuyeza maso, ndipo tsopano amavala mandala. Sukulu zitatsegulidwa anabwerera m'kalasi, ndipo amakhala kutsogolo pakati pa ana amene amamulekeza m'mapewa. Sindikunena kuti nkhani yatha bwino, pakuti mayeso sanalembe, ndipo zimene zinamudutsa m'zaka zija mandala sangazibweze. Usiku timakhala awiri pa nyali kubwereza masamu a Sitandade 5. Sindikunenanso kuti mwana aliyense wolephera ali ndi vuto la maso. Wina ndi makutu, wina ndi njala, wina akuzunzidwa ndi anzake panjira, wina ali ndi chinthu chimene chikumudya mumtima. Chimene ndikunena ndi chakuti simudzachidziwa muli pampando wa bambo, iye ataima patsogolo panu manja ali kumbuyo. Pakhomo timayang'anana maso ndi maso ngati pabwalo la milandu, ndipo mwana amatseka pakamwa. Panjira mumayang'ana kumodzi, mumatopa limodzi, mumamwera botolo limodzi, ndipo mau amabwera okha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono pempho langa kwa makolo anzanga ndi ili: patulani tsiku limodzi loyenda ndi mwana wanu ulendo wopanda katundu. Amene mungathe kusonkha ndalama, pitani kunyanja mukaone manda aja. Mukanyamuke m'mawa dzuwa lisanakwere, mutenge madzi akumwa okwanira ndi chipewa, ndipo mukaponde ponyowa monga inanenera nkhalamba ija. Musanasambe mukafunse eni dera, ndipo mupewe madzi odikha a zomera zambiri, pakuti m'menemo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukapereke moni kwa anthu a m'mudzimo, pakuti gombelo kwa iwo ndi pakhomo ndiponso ndi munda. Koposa zonse, wofooka ndiye atsogole, wamphamvu atsalire kumbuyo, ndipo powerenga ana muyambire wanu.

Amene simungathe kufika kunyanja musadandaule. Mathithi a Zoa pa mtsinje wa Ruo ali m'boma lathu lomwe lino, phiri la Mulanje timaliona tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale kanjira ka m'minda ya tiyi Lamulungu madzulo nkokwanira. Anthu akakufunsani kumene mukupita, muwauze kuti mukuperekeza mwana.

Ndipo inu achinyamata, bambo kapena malume akakuitanani kuti mukayende, musakane poganiza kuti kuli mlandu. Ife akulu timachedwa kuphunzira, ndipo pena pakamwa pathu pamalemera kuposa panu. Chimene chikukuvutani nenani, ngakhale chikuoneka chaching'ono kapena chochititsa manyazi. Kuyenda awiri si mantha.

Mwezi uno pa mapemphero a pabanja muwerenge pamodzi Machitidwe 27 ndi mutu woyamba wa kalata ya Paulo kwa Tito, ndipo mukumbukire m'mapemphero ana onse amene akubwereza kalasi chaka chino, pamodzi ndi wanga. Ambuye akhale nanu kufikira tidzachezenso mwezi wa mawa.

Ndine wanu mu utumiki,
Mkulu wa Mpingo, Khonjeni